Chimanga Chimene Ndinachiveka Kaunjika

Mu Kawale monse munalibe munthu wondiposa pa kunenerera mtengo, ndipo chaka chimene kunagwa njala, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndinatsimikiza kuti njalayo ndiigonjetsa isanafike n'komwe. Ndinkagulitsa kaunjika pamsika. Munthu wobwera kudzagula thalauzi ankachoka atagulanso malaya amene sanawafune, akundithokoza. Koma ndikakhala kuti wogula ndine, wogulitsa ankatsala akudzifunsa ngati wagulitsa kapena waberedwa dzuwa likuswa mtengo. Pa tomato sindinkachoka popanda basera. Makondakitala a minibasi akandiona pa siteji ankayang'ana kumbali.

Njalayo ndinaiona ikadali kutali, osati chifukwa cha wailesi ayi, koma pa benchi yanga yomweyo. Anthu akumudzi amene chaka chilichonse ankabwera kudzadzitchena chimanga chikangocha, chaka chimenecho ankangogwira diresi, kulitembenuza, kufunsa mtengo, n'kulibwezera pamulu mwaulemu. Ndinadziwa kuti m'minda simuli bwino.

Ndinamanga zovala pa njinga n'kulowera kumidzi ya kuseri kwa Njewa. Mavenda anzanga ankadikira kuti chimanga chiyambe chauma. Ine ndinawaseka, ndinati odikira adzapeza zitsononkho. Kumidziko sindinkatulutsa ndalama: diresi ndowa imodzi, jekete ndowa ziwiri, nsapato za mwana kandowa kosadzadza. Pofuna kudziwa ngati chimanga chauma, umatenga njere n'kuiluma. Youma imalira kuti kha! Imene ndinkaluma ine inkangophwanyika mwakachetechete ngati mtedza wauwisi.

"Amayi, ichi ndi chimanga kapena madzi?" ndinkatero, nkhope nditaikwinya. "Chikauma chitsala theka. Onjezani."

Ankaonjezera. Umu ndi mmene ndinapezera matumba khumi ndi awiri pa zovala zimene mu tauni zinkangodya fumbi. Chinyontho chija ndinachigwiritsa ntchito bwino zedi potsitsa mtengo. Mtengo utatsika, ndinachiiwala.

Tinkakhala m'nyumba ya lendi, mdadada wa makomo asanu, bwalo limodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Pamalo otere ukayanika chimanga panja, walengeza. Mawa lake khomo lako limasanduka ofesi: uyu ali ndi mwana wodwala, uyu alendo amufikira, uyu akungofuna kambale kamodzi. Choncho thumba lililonse ndinalikulunga m'chisaka cha belo la kaunjika, kulimanga ndi mawaya ake omwe, n'kulikankha pa wilibala masana anthu akuona.

"Katundu watsopano, aneba!" ndinkafuula. "Majekete a ku Ulaya!"

Matumbawo ndinawaunjika m'chipinda cha ana, anawo n'kusamukira pabalaza. Zenera ndinalitseka ndi katoni, chitseko n'kuchikhoma ndi loko, kiyi m'thumba mwanga. Mankhwala a ufa oteteza chimanga kwa anankafumbwe ndinakagula kudepoti, kwa mkulu wina wa chipewa amene anandiyambira pamwamba. Ndinamutsitsa, n'kumutsitsanso, mpaka anagwira mutu nati ndamupha. Anandiikiranso paketi ya basera. Ndinachoka ndikuyenda ngati bwana. Sindinadzifunse chifukwa chimene munthu wophedwa ankamwetulira chonchija.

Mkazi wanga anati, "Bambo a ana, chimangachi n'chachiwisi. Tichiyanike kaye masiku atatu okha."

"Tiyanike kuti? Pabwalo? Kapena ndipite ku wailesi ndikalengezeretu?"

Anabwerera ku mapoto ake. Mkazi wanga ndi wa mapemphero, ndipo ine ndinkamulola monga mmene umalolera munthu kuweta nkhunda: sizipindula koma sizilumanso. Kutchalitchi ndinkapita ndithu, Lamulungu lililonse, nditavala jekete labwino la pa benchi limene Lolemba ndinkalibwezera pamulu. Koma mumtima ndinkati Mulungu ndi wa maliro ndi maukwati. Za m'mimba ndi za anthu ochenjera.

M'mawa uliwonse mkazi wanga ankagwada ndi ana athu atatu n'kupempha Mulungu kuti atipatse chakudya cha tsiku limenelo. Cha tsiku limenelo lokha! Kwa munthu wa geni ngati ine, pemphero limeneli linkandiwawa m'makutu.

"Amayi, inu simudziwa kugula," ndinamuuza tsiku lina ndikumanga nsapato. "Mwafika kwa mwini holoselo yaikulu choncho, wakufunsani kuti mukufuna chiyani, inu n'kutchula cha lero lokha? Osati cha mwezi? Osapemphako ndi basera yemwe?"

"Mawa tidzapitanso," anatero. "Satseka."

"Ine ndagula cha miyezi isanu ndi umodzi. Muwauze apume kaye."

Patapita milungu ingapo anabwera ndi nkhani. Amayi a kumpingo kwathu ankasonkha chakudya chothandizira anthu ovutika, ndipo woyamba pamndandanda anali mayi wina wamasiye amene ankagulitsa makala a timilu m'mbali mwa msewu wopita ku Biwi, akulera zidzukulu zinayi. Ndinkawadziwa bwino mayiwo. Anali a pakamwa polusa, ndipo tinkakangana pafupifupi mlungu uliwonse chifukwa ndinkafuna andiwonjezere khala limodzi pa kamulu.

"Mwa matumba khumi ndi awiri, limodzi ndi la Mulungu," anatero mkazi wanga.

"Anapalasa nawo njinga?"

"Miyendoyo anakupatsani ndani?"

Tinanenererana masiku awiri. Ndinayambira pa kambale, iye anaima pa thumba osasuntha. Ndinadabwa kuti munthu amene pamsika amalipira mtengo woyamba kutchulidwa akhoza kuuma chonchi. Potsiriza ndinagonja, koma mwaukatswiri. Ndinasankha thumba la pansi penipeni, lachiwisi kuposa onse, limene linang'ambika pangodya. Ndinati ngati ndikuluza, ndiluze choipa. Ndinalamulanso kuti chituluke pang'onopang'ono m'ndowa yovundikira ndi chitenje, ndipo asatchule kumene chachokera. Amayi a kumpingowo anakachiyanika pabwalo la tchalitchi masiku atatu, n'kugawana ntchito yoingitsa nkhuku. Ndinadutsapo tsiku lina ndipo ndinaseka: akuluakulu asanu kulondera thumba limodzi, pamene ine khumi ndi limodzi ndikulondera ndi kiyi mmodzi.

Mvula itayamba, zinthu zinathina monga ndinanenera. Kumsika wa boma wogulitsa chimanga mzere unkazungulira mpanda, azimayi atabereka ana, ena atakhalira timatumba topanda kanthu. Ndinkawadutsa pa njinga n'kumadziuza kuti awa ndi anthu osaganiza za mawa. Koma geni yanga nayo inafa. Munthu wanjala sayang'ana jekete. Ndinkatha tsiku lonse ndikukuntha fumbi pa zovala, wondifunsa mtengo n'kukhala wamisala wa pamsika yekha. Kunyumba tinkadya ufa wogula wa timapaketi, kawiri pa tsiku, kenaka kamodzi.

"Titsegule thumba limodzi," anatero mkazi wanga Khirisimasi itadutsa.

"Ayi. Njala yeniyeni ndi ya Febuluwale. Pamenepo theka tidya, theka tigulitsa, ndipo mudzaona nyumba yathuyathu ya malata."

"M'chipindamo mukununkha."

"Ndi fungo la chuma limenelo. Simunalizolowere."

M'chipindamo ndinkalowa ndithu, Loweruka lililonse, n'kudzitsekera. Ndinkasisita matumba anga ngati ng'ombe. Ankamveka ofunda, ine n'kumati ndi chifukwa cha zenera lotseka. Pansi pankagwa ufa woyera, ine n'kumati ndi mankhwala anga aja, taonani kuchuluka kwake, mpaka kutayikira. Ndikatchera khutu ndinkamva kaphokoso kosalekeza ngati mvula yowaza pa udzu. Kameneko ndinalephera kukamasulira, choncho ndinasiya kutchera khutu. Thumba sindinamasule ngakhale limodzi, poopa kuti ndikangoyamba, mkazi wanga sadzalekanso kupempha.

Kumapeto kwa Januwale kunabwera tsiku limene m'nyumba munalibe chilichonse choika pamoto. Mwana wathu wamng'ono, wamkazi, anali atasiya kusewera, akungokhala pakhomo n'kumayang'ana anthu. M'mawa umenewo ndinaitana banja lonse ngati nduna yodzatsegulira mlatho. Ndinatsegula loko, kudula mawaya a belo, n'kung'amba msoko wa thumba loyamba ndi mpeni.

Dzanja linalowa mpaka m'chigongono ngati m'phulusa. Nditalitulutsa linali loyera, anankafumbwe akuthamanga kukwera m'mkono. Njere zimene ndinatapa zinali makoko okhaokha, iliyonse ndi kabowo kake, zopepuka ngati mankhusu. Ndinang'amba lachiwiri. Lachitatu. A pakati ndiye anali atagwirana ngati njerwa, obiriwira ndi akuda ndi chuku, fungo lake lokwera m'mutu. Ndinang'amba onse khumi ndi limodzi, poganiza kuti penapake ndipeza limene anankafumbwe anandichitira ulemu. Iwo sanenerera. Anatenga pa mtengo wawo.

Ndinadikira kuti mkazi wanga anene kuti anandiuza. Ndinali nditakonza kale yankho. Iye anangomanga chitenje nati, "Tulutsani panja. Tione chotsala."

"Panja?"

"Mukubisiranso ndani?"

Choncho chimanga chimene ndinakana kuchiyanika masiku atatu chili chabwino, ndinachiyala pabwalo chitaola, mikeka yonse ya m'nyumba ndi yobwereka, makomo asanu ali chitsegukire. Aneba a khomo lachiwiri, bambo wokonza mawailesi amene tinkakonda kunyozana, anatuluka akutokosa m'mano ngakhale ndikudziwa kuti sanadye kanthu.

"Achimwene, majekete a ku Ulaya aja ndi amenewa?"

Ndinapitiriza kuyala.

"Saizi yanga ilipo? Ndikufuna lobiriwiralo."

Anthu anaseka, ena mpaka kugwira khoma. Kuseka ndinakupirira. Chimene chinandilasa ndi mawu a mayi wa khomo loyandikana nafe, amene chipinda chake chinkagawana khoma ndi chipinda cha matumba. Sanaseke. Anayang'ana mikeka ija nthawi yaitali nati, "Ana anga akhala akugonera madzi mutu atatsamira khoma limeneli. Ndiye mwati munkasungira tizilombo?"

Mkazi wanga anapeta, kusankha, kutsuka. Pa mulu wonsewo panatuluka chosakwana thumba limodzi chooneka ngati chimanga. Ufa wake unali wotuwa, wowawa. Tinadya masiku atatu, mwana wamng'ono uja n'kuyamba kutsegula m'mimba, mpaka mayi ake anathamanga naye kuchipatala. Atabwerako anandiyang'ana nati, "Ichi sichilowanso m'kamwa mwa mwana wanga." Chotsalacho ndinakankhira kwa mayi wina wotcheza kachasu. Ndinayamba luso langa lija, kuyamikira katundu, kunamizira kuchoka. Mayiyo sanadzuke n'komwe pa mpando wake.

"Mtengo ndi umene ndanenawo, bambo. Simukufuna, bwererani nacho. Ndipo masakawo musiye, akhale basera."

Ndinasiya masaka. Ndinapitanso kudepoti kukasaka mkulu wa chipewa uja. Pamalo pake ndinapeza munthu wina akugulitsa mabatire. Nditafotokoza, anaseka nati, "Aja a phulusa losefa aja? Ankasakaniza ndi choko. Inu munagula angati?" Za paketi ya basera sindinamuuze.

Kuyambira pamenepo ndinalibe nzeru ina. Chimanga chatsopano chinali chisanache, zovala zosagulika, ana atatu akundiyang'ana. M'mawa wotsatira mkazi wanga anagwada monga mwa masiku onse n'kupempha chakudya cha tsikulo. Ndinali nditakhala pa mpando kumbuyo kwawo. Ndinafunafuna chonyoza, osachipeza. Munthu amene wataya cha miyezi isanu ndi umodzi, cha tsiku limodzi amachiona kukula. Pomaliza pempherolo ndinamva pakamwa panga pakuti ameni, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wanga kuvomera chinthu pa mtengo woyamba.

Musaganize kuti kumwamba kunagwa matumba. Anthu ena akamachitira umboni kutchalitchi amakometsa ngati mmene ine ndimakometsera jekete long'ambika m'khwapa. Zathu zinkabwera mochititsa manyazi. Lero mkazi wanga wapeza ganyu yochapa kumayadi, amulipira gaga. Mawa amayi a kumpingo abweretsa kambale ka ufa, ine n'kubisala kuchipinda chopanda kanthu chija kuti asandione. Mkuja wokonza mawailesi yemwe uja, atamaliza kundinyoza, watumiza chinangwa ziwiri. Tsiku lina ine ndemwe, katswiri wa Kawale, ndinasenza mchenga pa nyumba ina yomangidwa ku Area 23, osafunsa n'komwe kuti alipira bwanji. Chinkabwera chokwana tsikulo, osatsalako cha mawa choti munthu n'kukhomera loko.

Ndipo linalipo tsiku limene sikunabwere kanthu. Dzuwa linapendeka, ana atamwa madzi otentha othira mchere. Ukali unandibwerera.

"Amayi, holoselo yanu ija lero yatseka?"

"Mwafa?"

"Sindinafe."

"Ndiye mawa tidzapitanso."

Analankhula maso ali ofiira, akusisita mwana wamng'ono pamsana. Sanali wopanda mantha ayi. Kusiyana kwathu kunali kwakuti mantha akewo ankadziwa kokawatula, pamene ine anga ndinawatsekera m'chipinda pamodzi ndi chimanga chachiwisi.

Chakumayambiriro kwa Malichi, masana ena, pakhomo panafika mayi wa makala uja atasenza dengu. Sanaodire n'komwe bwinobwino. Anatula denguyo n'kuvundukula: chimanga chachiwisi chamakoko ake, ndi maungu awiri.

"Ali kuti bambo a basera aja?"

Ndinatuluka.

"Chimanga chanu ichi," anatero. "Pa ndowa imene anandigawira amayi a kumpingo ndinasankhapo njere zikuluzikulu, n'kudzala kuseri uko m'mphepete mwa khwawa. Zidzukulu zanga zakhala zikulondera akuba mwezi wonse."

"Changa bwanji, amayi? Ine sindinapereke kanthu."

"Aaa, inu! Mumdadada monse muno ndani sankadziwa? Belo la zovala limaliritsa wilibala chonchija? Nanga nkhuku za eni ake zinkadzatani pakhomo panu tsiku ndi tsiku, kudzagula jekete?"

Mkazi wanga anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Miyezi yonse ija ndinkayenda ngati munthu wa chinsinsi, pamene ndi ana omwe ankadziwa chimene chili kuseri kwa katoni. Aneba onse anangondisiya, osapempha, kudikira kuti aone ngati ndili ndi mtima.

Mayiwo anaika zimanga zisanu pa mkeka, chimodzichimodzi, aliyense m'nyumba chake. Atanyamula dengu, anaima, n'kutulutsa china chachisanu ndi chimodzi, chachikulu kuposa zonse, n'kundiponyera pamiyendo.

"Basera. Poti inu simuchoka popanda basera."

Anabweranso kangapo mpaka chimanga chinacha ponseponse ndipo mitengo inatsika. Mwana wathu anayambanso kuthamanga pabwalo. Palibe amene tinamuika m'manda m'nyumba mwathu chaka chimenecho, ngakhale m'makomo ena maliro anachitika, a anthu opemphera kuposa ife.

Mutu wa venda suchedwa kuchira. Nditangokhuta, ndinayamba kuiona nkhaniyi ngati dilu. "Amayi," ndinatero, "mwaona? Thumba lija ndinaika pabwino. Loipa kuposa onse, koma taonani phindu lake. Chaka chino tipereke awiri."

"Musayambe," anatero. "Mulungu si venda mnzanu. Mayi aja dengu lomwe lija anazungulira nalo makomo asanu. Anayi enawo anawapatsapo chiyani? Ndipo inu simunapereke, ndinachita kukulandani."

Ndinafuna kutsutsa, koma mtengo unali womwewo.

Mpaka lero ndimanenerera. Tomato wopanda basera amandiwawabe. Chimanga ndimagulabe nthawi yokolola, chifukwa Mulungu sanatipatse mutu kuti tizingovalapo chipewa. Koma ndimachiyanika pabwalo, aliyense akuona, ndipo wobwera ndi kambale sabwerera chopanda kanthu, ngakhale ndimang'ung'udza pothira. Loko uja ali pa chitseko cha bafa. M'mawa ndimagwada pamodzi ndi mkazi wanga kupempha cha tsikulo, ndipo nthawi zina lilime limandiyabwa kuti ndiwonjezere ka mawa, iye n'kundigunda ndi chigongono asanatsegule n'komwe maso.

Anzanga a pamsika amati chaka chija anapambana ndi mkulu wa chipewa, amene anagulitsa phulusa kwa katswiri. Wokonza mawailesi amati anapambana ndi anankafumbwe, poti anadya miyezi isanu ndi inayi m'nyumba ya lendi osalipira. Ine ndinalowa m'njala ija ndi matumba khumi ndi limodzi, loko ndi kiyi. Mkazi wanga analowa ndi pemphero la tsiku limodzi, lopita nalo kwa Mwini wake m'mawa uliwonse chimanjamanja. Inu amene mumadziwa kugula, tandiuzani: pa awirife, anagula bwino ndani?